Mafanizo a Yesu: Chimene Ali ndi Mmene Amvekera ku Kanyenda

Fanizo ndi nkhani yaifupi yotengedwa m'moyo wa masiku onse, imene munthu amaikamba kuti womva aone nayo chinthu chimene sakanachiona, kapena sakanalola kuchiona, chikanati chinenedwe poyera. M'Chipangano Chatsopano, mafanizo ndiwo njira imene Yesu ankaphunzitsira kwambiri, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mawu ake olembedwa ndi Mateyu, Marko ndi Luka lili m'mafanizo. Yohane ali ndi zithunzi zakezake, monga mbusa wabwino ndi mtengo wampesa, koma alibe nkhani zonga ya wofesa mbewu kapena ya mwana wolowerera. Pa chiwerengero akatswiri sagwirizana, popeza ena amawerengera ndi timawu tachidule monga ta chigamba chatsopano pa chovala chakale, pomwe ena amangowerenga okhawo ali ndi chiyambi ndi mathero. Ambiri amati alipo pakati pa 30 ndi 40.

Kaphunzitsidwe kameneka sikanayambe ndi Yesu. Chipangano Chakale chili ndi mafanizo angapo, ndipo lomveka kwambiri ndi la mneneri Natani pa 2 Samueli 12. Mfumu Davide anali atatenga mkazi wa Uriya, n'kukonza zoti mwamunayo akafere kunkhondo. Kuima pamaso pa mfumu n'kuitchula kuti ndi yachigololo ndi yakupha kunali kudziitanira imfa. Natani anabwera ngati wodzatula mlandu wa anthu ena: munthu wachuma, wa makola odzaza, analandira mlendo, ndipo m'malo mopha chiweto chake anakalanda kankhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka, kamene kankaleredwa m'nyumba ngati mwana. Davide anapsa mtima, nagamula kuti wachumayo ndi woyenera imfa ndipo abweze kanayi. Apo m'pamene Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iye mwini. Mphamvu yonse ya fanizo ikuoneka m'nkhani imeneyi. Womva amalowa m'nkhani osadzitchinjiriza poyesa ikunena za wina, amaweruza ndi mtima wonse, pomaliza n'kupeza kuti wadzigamulira yekha mlandu. Yesaya, pa mutu 5, anachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya munda wamphesa umene unasamalidwa bwino koma n'kubala zowawasa. Pa Oweruza 9, Yotamu anakamba za mitengo yofuna mfumu, yobala zipatso ikukana ufumuwo, mtengo waminga n'kuuvomera. Aphunzitsi achiyuda, arabi, anasiyanso mafanizo ambirimbiri m'mabuku awo, ochuluka a iwo onena za mfumu ndi antchito ake.

Mchewa kapena Mtonga wa m'mbali mwa nyanja sadabwa nayo njira imeneyi. Pabwalo la milandu, pamaliro, pokambirana za ukwati, akuluakulu sathamangira kutchula chinthu ndi dzina lake. Amaphera mwambi kapena kuzungulira ndi kankhani, mwini wake nadzimvera yekha. Asilamu, amene ndi ochuluka ku Nkhotakota, amaidziwanso m'Kurani, mmene mawu abwino amayerekezedwa ndi mtengo wa mizu yolimba. Komabe mafanizo a Yesu amasiyana ndi nthano za madzulo m'zinthu ziwiri. Mulibe Kalulu kapena Fisi woyankhula: anthu ake ndi alimi, asodzi, abusa, amayi okanda ufa, amasiye, angongole ndi aganyu. Chinanso n'chakuti nthano nthawi zambiri imatsimikiza zimene mudzi ukudziwa kale, kuti umbombo ngwoipa ndi kuti wochenjeretsa amagwa m'mbuna yake yomwe. Fanizo limayamba ndi zodziwika, koma penapake limakhota, n'kufika pamene womva samayembekezera.

Mafanizo oyamba olembedwa pamodzi anakambidwa pagombe. Marko 4 ndi Mateyu 13 akunena kuti khamu linachuluka mpaka Yesu analowa m'ngalawa n'kukhala pansi, anthu ataima pamtunda. Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono, makilomita pafupifupi 21 m'litali ndi 13 m'lifupi, pomwe ya Malawi imapitirira makilomita 500. Koma zonse ziwiri zili m'chigwa chachikulu chong'ambika chimene chimayambira ku Middle East n'kutsika mpaka kuno, ndipo nsomba zake n'zapachibale. Ku Galileya kuli nsomba ya banja limodzi ndi chambo, kulinso mlamba weniweni. Izi zimathandiza kumvetsa fanizo la khoka pa Mateyu 13:47-50. Munthu wa pagombe la kwa Kanyenda, m'boma la Nkhotakota, amadziwa kuti khoka silisankha. Amaliyala ndi bwato mozungulira, magulu awiri n'kumakoka zingwe kumtunda, ndipo chilichonse chili m'njira yake chimabwera: nsomba zazikulu ndi zazing'ono, nkhanu, ndere, zinyalala. Kusankha kumachitika khoka litafika pamchenga. Kwa msodzi wachiyuda kusankhako kunali nkhani ya chipembedzo, chifukwa Levitiko 11 amaletsa nsomba yopanda mamba, choncho mlamba unkatayidwa, monga a Seventh-day Adventist saudyera mlamba ndi kampango mpaka lero. Fanizolo likunena kuti ufumu wa Mulungu umasonkhanitsa anthu a mitundu yonse, ndipo kulekanitsa abwino ndi oipa kudzachitika pa mapeto, ndi angelo. Amene afuna kuyamba kusankha khoka likadali m'madzi sanaimvetse ntchitoyo.

Fanizo la wofesa, limene limatsogolera onse pa mitu imeneyi, limamveka mosiyana kwa mlimi wa chimanga ndi wa mpunga. Wodzala chimanga m'mapando angaone wofesayo ngati wosasamala, wotayira mbewu panjira, pathanthwe ndi paminga. Wolima mpunga m'madambo a Nkhotakota amadziwa kuti mbewu yomwaza ndi dzanja sigwera pamodzi, ndipo mbalame zimatengako gawo lake. Chodabwitsa m'fanizoli si mbewu yotayikayo ayi, koma zokolola za panthaka yabwino, zobala ka 30, ka 60 ndi ka 100. Pamodzi nalo pali mafanizo ena a kukula. La mbewu yomera yokha mlimi ali m'tulo limapezeka mwa Marko yekha. La namsongole likunena za udzu wofanana ndi tirigu ukadali waung'ono, moti kuuzula msanga n'kuwononga ndi mbewu yomwe. La kambewu kampiru ndi la chotupitsa mkate akuonetsa chiyambi chonyozeka chimene chimafika patali: ufa umene mayi wa m'fanizo la chotupitsa anakanda, miyeso itatu, unali wokwana kudyetsa anthu oposa 100. Onsewa ankayankha funso limene linali m'mitima ya omvera: ngati ufumu wa Mulungu wafikadi, bwanji Aroma akulamulirabe, ndipo otsatira ake ndi kagulu ka asodzi?

Chifukwa chimene Yesu ankayankhulira m'mafanizo ndi nkhani yovuta kuposa mmene ambiri amaiganizira. Kawirikawiri ana amauzidwa kuti ankafuna kufewetsa chiphunzitso kuti aliyense amve. Zimenezo n'zoona pang'ono chabe. Pa Marko 4:10-12 ophunzira atamufunsa, anayankha potchula Yesaya 6, kuti kwa akunja zonse zimadza m'mafanizo kuti ayang'ane koma osaona, amve koma osazindikira. Mateyu akulemba mawu omwewo mofewerapo, kuti amayankhula chotero chifukwa anthuwo saona kale. Akhristu akhala akulimbana ndi ndime imeneyi kwa zaka mazana ambiri. Kumasulira kogwira mtima n'kwakuti fanizo limaulula ndi kubisa nthawi imodzi, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mtima wa womva. Wina amamva kankhani ka mlimi n'kubwerera kwawo. Wina amatsalira n'kufunsa. Marko akuti amene anafunsa sanali khumi ndi awiri okhawo, panalinso ena omuzungulira, kusonyeza kuti khomo linali lotseguka kwa aliyense wofuna. Panalinso chifukwa cha chitetezo. Mawu akuti ufumu anali oopsa m'dziko la Herode Antipa ndi Pilato, ndipo nkhani ya mpiru inali yovuta kuitengera kubwalo la milandu. Ngakhale zinali choncho, adani ankamva akafuna kumva: atakamba za olima munda wamphesa amene anapha mwana wa mwini munda, Marko 12 akuti akuluakulu anazindikira kuti akunena iwo, nafuna kumugwira.

Kuti munthu amvetse fanizo lililonse, ayenera kupeza pamene nkhaniyo yakhotera. Chitsanzo chabwino kwa anthu a kwa Kanyenda, kumene minda ya nzimbe ya Dwangwa yakhala ikukoka ofuna ntchito kuchokera m'maboma ambiri, ndi fanizo la antchito a m'munda wamphesa pa Mateyu 20. Mwini munda analemba aganyu m'bandakucha, atapangana nawo dinari imodzi, amene anali malipiro a tsiku. Analembanso ena cha m'ma 9 koloko, ena masana, ena cha m'ma 3, ndi otsiriza cha m'ma 5 koloko madzulo. Mpaka apa zonse n'zachizolowezi, ndiponso lamulo la pa Deuteronomo 24 linkati waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe. Kukhota kuli pa malipiro. Kapitawo anauzidwa kuyambira otsiriza, ndipo onse analandira dinari imodzi imodzi. Aliyense amene anagwirapo ganyu padzuwa la Okutobala amaima kumbali ya odandaulawo, ndipo fanizoli likufuna kuti aime komweko, kuti amve kuwawa kwake. Koma palibe amene anaberedwa. Oyamba analandira zimene anapangana. Chimene chinawapweteka n'chakuti ena analinganizidwa nawo. Otsiriza aja sanali aulesi, ananena okha kuti palibe amene anawalemba, ndipo banja la munthu wolembedwa 5 koloko limafuna nsima yofanana ndi la wolembedwa m'mawa. Fanizoli si lamulo la kalipiridwe ka pa esiteti. Likufunsa ngati munthu angapirire kuona Mulungu akuchitira mnzake chifundo.

Kwina kukhotako kumakhala m'manambala. Pa Mateyu 18, mtumiki anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali madinari 6,000, ndiye kuti ngongoleyo inali malipiro a masiku 60 miliyoni. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus akuti Herode Antipa ankapeza matalente 200 pachaka kuchokera ku Galileya ndi Pereya. Omvera anadziwiratu kuti ngongole yotero siingabwezedwe, ndipo lonjezo la mtumikiyo loti adzabweza zonse linali lopanda mutu. Atakhululukidwa, anakagwira pakhosi mnzake amene anamukongola madinari 100, ndalama ya miyezi itatu ndi masiku pang'ono. M'madera amene katapila walanditsa anthu maukonde, njinga ndi malata, nkhaniyi sifuna womasulira.

Fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15 ndilo lotchuka koposa, ndipo ndilo limadulidwa pakati kawirikawiri. Kunyanja kuno limagwera pa nthaka yokonzeka kale, popeza kuyambira nthawi ya migodi ya Joni ndi Harare midzi yakhala ikutumiza anyamata kutali, ena n'kubwera ndi katundu, ena n'kutchona, ena n'kubwera manja ali m'khosi. Alaliki amalikonda chifukwa cha zimenezi. Koma pali zina zofunika kuzidziwa. Mwa Achewa ambiri munda umayenda kuchikazi, pomwe mwa Ayuda cholowa chinkachokera kwa bambo, woyamba kubadwa n'kulandira magawo awiri monga akunenera Deuteronomo 21. Kupempha gawo lako bambo ali moyo kunali ngati kuwauza kuti akuchedwa kufa. Kuweta nkhumba kunali kutsikitsitsa kwa Myuda. Ndipo mkulu wolemekezeka sankathamanga pamaso pa anthu, monga sathamangira kuno. Bambo uja anathamanga, nasenza yekha manyazi amene mudzi ukanathira pa mwanayo. Komatu nkhani sithera pa phwando. Luka akuyamba mutuwo ponena kuti Afarisi ndi alembi ankang'ung'udza chifukwa Yesu ankadya ndi amisonkho ndi ochimwa, ndipo mafanizo atatu onse, la nkhosa, la ndalama ndi la mwana, anaphedwera iwowo. Iwo ali mwa mwana wamkulu, wokhulupirika, amene anakana kulowa. Bamboyo anatulukanso kukamudandaulira, ndipo Luka sakunena ngati analowa. Ulaliki umene umadzudzula otchona okha, n'kusiya okhala m'mipando yakutsogolo m'tchalitchi ali phee, walisiya fanizoli lisanafike kumene linkapita.

Chimodzimodzi ndi Msamariya wachifundo pa Luka 10. Msewu wa Yerusalemu mpaka Yeriko unali wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka mamita oposa 1,000 kudutsa m'chipululu cha achifwamba. Wansembe ndi Mlevi atalambalala munthu amene achifwamba anamuvulaza, omvera ankadikira kuti wachitatu akhala Myuda wamba. Anabwera munthu wa mtundu umene iwo ankaunyansidwa nawo. Wodziwa malamulo amene Yesu anamuuza fanizoli anali atafunsa kuti mnansi wake ndani, pofuna malire. Yesu anatembenuza funsolo kukhala lakuti ndani anachita unansi. Lero dzina la Msamariya lazolowereka mpaka lalembedwa pa zipatala ndi mabungwe, ndipo ululu wake watha. Umabwerera pokhapokha womva akaika pamalo pa Msamariyayo munthu wa mtundu, chipani kapena chipembedzo chimene iye sachifuna.

Mbiri ya kamasuliridwe ka mafanizo inayambira kwambiri mu Africa. Origen wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 200, ndi Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, ankapatsa tanthauzo lobisika kanthu kalikonse ka m'nkhani. Kwa Augustine, wovulazidwa uja ndi Adamu, achifwamba ndi Satana ndi angelo ake, Msamariya ndi Khristu, nyumba ya alendo ndi Mpingo, mwini nyumbayo ndi mtumwi Paulo. Ndi chiphunzitso chokoma, ndipo sichinachokere m'mwamba chabe, popeza Mauthenga enieniwo amamasulira wofesa ndi namsongole chinthu ndi chinthu. Vuto lake n'lakuti lamulo lomaliza, loti womva apite akachite zomwezo, limazimirira. John Chrysostom anachenjeza kale za kufinya mawu aliwonse, ndipo John Calvin anakana kumasulira kotere, koma njirayi inalamulira zaka zoposa 1,000. Anaigwetsa ndi Mjeremani Adolf Jülicher, amene mabuku ake awiri, lomaliza la mu 1899, anati fanizo lililonse lili ndi mfundo imodzi yokha. Iye anapyola muyeso, mafanizo n'kusanduka malangizo wamba a khalidwe, osakwanira kufotokoza chifukwa chimene munthu wowakamba anapachikidwira. C. H. Dodd mu 1935 ndi Joachim Jeremias mu 1947 anawabwezera m'nthawi ya Yesu, kusonyeza kuti ankalengeza ufumu umene ukufika ndi kuteteza kudya kwake ndi ochimwa. Kenneth Bailey, amene anakhala zaka zambiri ku Middle East, anaonetsa mu 1976 kuti anthu a m'midzi ya kumeneko amaona m'mafanizo zinthu zimene ophunzira a ku Ulaya saziona, makamaka za ulemu ndi manyazi. Pamenepa Mmalawi wakumudzi ali pafupi ndi omvera oyamba kuposa pulofesa wa ku Berlin. Ambiri lero amavomereza kuti fanizo lingakhale ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, molingana ndi anthu akuluakulu a m'nkhaniyo.

Olemba Mauthenga nawonso ankagwiritsa ntchito fanizo limodzi mosiyana. Nkhosa yotayika mwa Luka ikuyankha Afarisi. Mwa Mateyu 18 ikulangiza ophunzira kuti asanyozere wamng'ono aliyense wosokera mumpingo. Buku lotchedwa Uthenga wa Tomasi, limene linapezeka ku Nag Hammadi ku Egypt mu 1945 ndipo silili m'Baibulo, lili ndi msodzi amene anasunga nsomba imodzi yaikulu n'kubwezera zing'onozing'ono m'madzi, mfundo yosiyana ndi ya khoka la Mateyu. Motero malo amene fanizo laikidwa, ndi anthu amene likuuzidwa, ndi mbali ya tanthauzo lake.

Ku gombe lino mafanizo anafika ndi amishoni a Livingstonia, amene anakhazikika ku Bandawe mu 1881, ndi a UMCA, amene anatsegula mishoni ku Nkhotakota mu 1894. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Malembo Oyera a Akatolika mu 1966, ndi Buku Loyera mu 1998. Masiku ano amawerengedwa paguwa, pamene Akatolika amatsata zaka zitatu za Mateyu, Marko ndi Luka. Amakambidwa m'miphakati ndi m'magulu a amayi, amaimbidwa ndi makwaya, amaseweredwa ndi ana a Sande sukulu, ndipo amaphunzitsidwa ku sekondale. Pamaliro pamamveka kwambiri la anamwali khumi ndi la wachuma wopusa amene anakonza zokulitsa nkhokwe zake osadziwa kuti afa usiku womwewo.

Kuzolowereka kumeneku kuli ndi ngozi zake. Ina ndiyo kutenga munthu aliyense wamphamvu wa m'fanizo ngati chithunzi chenicheni cha Mulungu. Woweruza wa pa Luka 18, amene anathandiza wamasiye pongotopa naye, sakuimira khalidwe la Mulungu. Mfundo n'njakuti ngati woipa amamva potsiriza, nanji wabwino. Kapitawo wosakhulupirika wa pa Luka 16 anayamikiridwa chifukwa chochitapo kanthu mwamsanga tsoka litayandikira, osati chifukwa chosintha makalata a ngongole. Mafanizo ambiri ali ndi ambuye ndi akapolo, chifukwa ndimo linalili dziko la Aroma. M'boma la Nkhotakota, mmene a Jumbe ankaolotsa akapolo pa zombo m'zaka za m'ma 1800, n'kofunika kunena momveka kuti kutchula ukapolo m'nkhani si kuudalitsa. Ngozi ina yafala ndi ulaliki wa chuma. Wofesa wasandutsidwa wopereka ndalama kwa mlaliki poyembekeza kubwezeredwa ka 100, pamene Marko 4:14 akunena mosabisa kuti mbewuyo ndi mawu. Kuchita zotere kwa mayi wogulitsa usipa ndi kumulanda pogwiritsa ntchito Malemba, ndipo Luka, amene ali ndi mafanizo ambiri ochenjeza za chuma, akutsutsana nazo mutu ndi mutu.

Pali ndi nkhani ya ziphunzitso zikuluzikulu. Fanizo la wachuma ndi Lazaro, lokhalo limene munthu wa m'nkhani wapatsidwa dzina, lakhala bwalo la mkangano pakati pa mipingo yokhulupirira kuti akufa amazindikira nthawi yomweyo ndi ina, monga Adventist ndi Mboni za Yehova, yophunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu kufikira kuuka. Akatswiri akale a zaumulungu anaika lamulo loti chiphunzitso chisamangidwe pa fanizo lokha popanda ndime zina zonena poyera, ndipo lamuloli likugwirabe ntchito. Zimene nkhani ya Lazaro ikunena mosakayikitsa n'zakuti wachumayo ankamudziwa wosaukayo ndi dzina, wosaukayo ankagonekedwa pachipata chake, ndipo abale ake asanu otsala anali kale ndi mabuku a Mose ndi aneneri owauza zoyenera kuchita.